Uthenga Wofika Lachiwiri

Uthenga wandipeza pa Likhubula
ndikusoka nsapato pomwe mwala unaluma chaka chatha.
Akuti: Pepani a Mulipa, sitibweranso.
Tawerenga kuti kwanuko sikuli bwino.

Anthu asanu ndi mmodzi. Masiku anayi m'phiri.
Nyozani ndi Likoswe ndinawauza kale
kuti misana yawo yapeza katundu.
Shuga, machesi ndi makandulo
ndinatenga pangongole kwa mayi Nakhumwa pa Chitakale,
dzina langa lili m'kope mwawo
pansi pa mayina ena awiri osafufutidwa.

Ndakweza maso.
Chambe ali pomwe anali dzulo,
phewa lake lamwala likuwothera dzuwa.
Ku Dziwe la Nkhalamba ana asukulu akudumphira m'madzi,
phokoso lawo likumveka mpaka kuno.
Ndiye sikuli bwino kuti?

Ndikudziwa zomwe awerenga.
Awona chithunzi cha mlatho wothyoka
umene tinaumanganso mvula ziwiri zapitazo.
Chithunzi sichikalamba,
madzi ake akadali odzadza mpaka lero.
Amva za mlendo uja anakwera yekha,
wokana mperekezi, nkhungu n'kumumeza.
Wina wawamasuliranso dzina la nsonga yathu,
Sapitwa,
ndipo atenga dzina ngati chikwangwani cha apolisi.
Ine ndapondapo kokwana makumi asanu ndi anayi,
mawondo okha ndiwo akudandaula.

Akanandifunsa ndikanawauza zoyenera kuopa:
thanthwe lonyowa mukangodutsa Chisepo,
chiperoni chobwera masana opanda odi,
minibasi ya pa Thyolo yopikisana ndi nthawi pamakhota,
ndi mtima wa munthu wonena kuti njira ndaiona pafoni.
Koma mantha safunsa mwini dera.
Amafunsa munthu amene anamva kwa munthu
amene sanafikeko.

Akuti apita kwina, dziko la zilumba,
kumene mapu ake sanapakidwe utoto wochenjeza.
Ayende bwino.
Kumenekonso nyanja ili ndi manda ake,
koma sanawajambule sabata ino.

Ndinafuna kuwayankha mwaukali.
Chala chili pafoni, ndakumbukira Fulaye,
mng'ono wanga wa ku Joni.
Chaka chachisanu tsopano akundiitana:
Achimwene bwerani mudzaone,
ya basi ndikutumizirani.
Ine ndimati mawa, ndimati tikakolola nandolo,
chonsecho ndi kanema mmodzi
amene ndinaonera pafoni ya Likoswe,
sitolo ikuyaka, munthu akuthamanga nsapato imodzi.
Fulaye amaseka. Akuti msewu umenewo
sanaupondepo, sadziwa n'komwe uli.
Akuti Lamulungu amakhala pakhonde kumeta ana ake.
Ine sindinapitebe.

Choncho ndafufuta zomwe ndinalemba.
Ndayambanso:
Zikomo potidziwitsa.
Phiri silithawa, ifenso tilipo.
Mukadzafuna, mwezi wa Julaye kumwamba kumayera,
mudzatenge juzi yokhuthala.
Ndawatumizira chithunzi cha m'mawa uno,
tiyi wobiriwira mpaka kumapazi a phiri,
ngakhale ndikudziwa kuti chithunzi cha mtendere
chimayenda wapansi
pomwe cha tsoka chimakwera ndege.

Nyozani wabwera, chingwe chili paphewa.
Wawerenga nkhope yanga, sanafunse.
Wangoti ku esiteti akulemba aganyu opalira,
tilawire mawa kusanache.
Mnyamata wa timabokosi ta mkungudza
wayamba kulongedza m'thumba chimodzichimodzi,
fungo lokha latsala pamwala pomwe anayala.

Mayi Nakhumwa ndikawauza Lachisanu.
Makandulo ndibweza, sanayatsidwe.
Shuga ndiye ana anatsegula kale.