Nkhondo ya Lachiwiri Usiku

Ndavula yunifolomu ya kampani ya mkaka,
nsapato ndazisiya pakhomo zitapenya kunja,
ndipo m'kachipinda kanga kuno ku Ogaki,
komwe ndikatambasula manja ndimakhudza makoma awiri,
ndine mbuye wa zigawo zisanu ndi ziwiri.

Manudozi akufewa m'kapu, mphindi zitatu.
Pagalasi la kompyuta imeneyo ndi miyezi:
mpunga wawokedwa, wacha, ndaulanda.
Msonkho ndakweza ndi chala chimodzi,
alimi ang'ung'udza, chigawo chawo chafiira pa mapu,
ndiye ndawatumizira mikondo kuti akhale chete.
Mwana wanga wamkazi, amene sindinamuonepo nkhope,
ndamukwatitsa ku banja la mbendera ya kakowa
kuti anditsekere njira ya kumpoto.
Chaka chisanathe andiukira ndithu,
kakowa ali pepepe pamwamba pa akavalo.

Sindinakwiye. Nanenso ndikanatero.

Linga la m'phiri ndalizinga nyengo zitatu.
Asilikali anga a mikondo, zipewa zawo ngati mbale zovundikira,
aima pamzere m'matope, onse nkhope imodzi,
pamwamba pawo kanambala koyera: 160.
Ndikaloza chipata amathamanga osafunsa.
Mivi ikagwa kanambala kamasungunuka,
148, 131, 97,
ine ndikupemerera msuzi.

Foni yalira. Ndi mayi.
Amaimba mochedwa chifukwa tulo tinawathawa
chimwalirireni bambo.
Akuti bondo, akuti magetsi akwera mtengo,
akuti Shigeto, udya liti chakudya chenicheni,
kenaka ngati nkhani yongodutsa:
a Kurumada, polima komaliza asanagulitse thirakitala,
atola kachitsulo m'munda mwawo,
kadzimbiri, kotalika ngati chala chaching'ono.
Mphunzitsi wina wati mwina ndi nsonga ya muvi.
Akaika m'botolo la jamu, pawindo.

Unali wa ndani, mayi?
Aseka. Nanga muvi umalembedwa dzina?
Mwina wa woponya, mwina wa amene unamulowa.
Kwathu kuno tinali onyamula katundu, iwe,
osati okwera akavalo.

Ndikumvetsera, chigongono chagunda batani.
Nyengo yatembenuka.
Chipale chagwa pa mapu onse
gulu langa lili panja, kutali ndi nkhokwe,
ndipo popanda muvi ngakhale umodzi
97 wasanduka 61.

Ndakokera chithunzi pafupi, pafupi kwambiri,
mpaka munthu mmodzi wadzaza galasi.
Akupuma, mapewa akukwera ndi kutsika,
akusuntha phazi, akulibweza pomwepo,
monga ndimachitira ine pa malo otsitsira katundu
folo koloko m'mawa, podikira kuti asayine.
Kumbuyo kwake kuli chigwa chojambulidwa mwaulesi,
koma phirilo ndalizindikira.
Ndi Ibuki. Ndimalidutsa m'munsi tsiku lililonse
mabotolo akugundana kumbuyo kwa lole.

Ndikanatha kubwerera pomwe ndinasunga masewera,
dzulo likadali m'faelo, lathunthu,
onse 160 amoyo, okonzeka kufanso bwino.
Chala chaima pa mbewa.

Pali kabatani kena pakona,
sindinakakhudzepo chigulireni masewerawa:
balalitsa gulu.
Kompyuta yandifunsa ngati ndatsimikiza.
Yandichenjeza kuti linga silidzagwa,
kuti a kakowa ali masiku awiri kuchokera kwathu.

Ndatsimikiza.

Sanayende, sanagwade, angozimirira,
pamatsala chipale chopanda mapazi.
Masewerawa sanapangidwe kuti aonetse
munthu akutsika phiri mkondo atautaya,
akufika pakhomo usiku, akugogoda,
wina m'kati akufunsa, ndani?

Mayi akadali pa foni. Uli pompo?
Ndili pompano.
Loweruka ndibwera, mundisungire mpunga,
ndikufuna ndikaone botolo lija.

Likulu langa likuyaka mwakachetechete,
ndatsitsa mawu kuopa oyandikana nawo.
Manudozi azizira.
Alamu ndaitchera kota koloko isanakwane fili,
ndipo panja, pansi pa getsi la pamsewu,
chipale chenicheni chayamba kugwa pa lole.