Dzina Langa Lili pa Lisiti

Ku Duluth chisanu chimalowa ndi aliyense wotsegula chitseko.
Usiku uno chalowa ndi Gunnar Halvorsen,
chipale chofewa chili mbuu pamapewa,
makiyi a lole ali ngwerengwere m'thumba.

Ine ndimawerenga. Ndiyo ntchito yanga yeniyeni, kuthira n'kongowonjezera.
Tambula yoyamba inali ya ludzu.
Yachiwiri ya sitima zimene zaima padoko kudikira madzi asungunuke.
Yachitatu sanaitchule dzina, koma ndikuidziwa:
ndi Lorraine, amene tinamuika m'manda mu Okutobala.
Yachinayi watayira theka pakauntala
n'kupepesa kwa mpando.

"Ina, Marlys."

Kumaphunziro anatiuza kuti tiziyang'ana maso,
lilime likayamba kulemera, zala zikamaphonya ndalama.
Sanatiuze chochita ngati munthuyo
ndi yemwe anakukonzera chitofu kwaulere
chaka chimene mwamuna wako anachoka.

Denise Pelkey ankaima pomwe ndaima pano, tawulo paphewa.
Iye anathira.
Imodzi yokha yowonjezera, ya chifundo,
kwa mnyamata wosangalalira ntchito yatsopano.
Patatha miyezi isanu ndi itatu
anavala diresi lake la kumaliro kupita kukhoti.
Loya anakweza kapepala kosakwana chikhatho:
nthawi, 12:47; zakumwa, zisanu ndi ziwiri; wogulitsa, Denise.
Kumbuyo kwa loyayo kunakhala mayi
amene mwana wake ankangodziyendera m'mbali mwa msewu
kupita kukaphika buledi wa m'mamawa.
Denise sanagwire chiwongolero.
Msewuwo sanauonepo n'komwe.
Funso linali limodzi, ndipo analifunsa katatu:
Kodi munaona kuti waledzera?

Anaona.
Masiku ano amapinda zovala za eni kochapira, kutsidya kwa mlatho.

"Gunnar, kwa lero basi."

Nkhope yake yachita bii.
"Zaka makumi awiri ndikumwa pano. Wasanduka wapolisi liti?"
Anyamata a patebulo la pulu atsitsa ndodo.
Ndamuikira khofi. Wakankha kapu.
Ndatambasula dzanja, chikhatho m'mwamba ngati wopemphetsa,
n'kulisiya pomwepo.
Dzanja lodikira limalemera.
Nyimbo ya pawailesi yatha, yayamba ina,
furiji ikung'ung'uza kuseri kwanga,
ndipo sindikudziwa ngati ndikuopera iye,
kapena munthu wina amene akumanga nsapato pompano kuti atuluke,
kapena lendi yanga.

Makiyi agwera m'dzanja langa ali ofunda.

Takisi itaimba hutala watuluka osatsanzika,
atanditchula dzina limene sindilemba pano.
Zina zonse ndalemba m'buku la pansi pa kauntala:
nthawi, zimene wamwa, kuti ndamukaniza, nambala ya takisi.
Abwana amati bukulo ndi la maloya ndi a inshuwalansi.
Tsamba la lero lili ndi banga la khofi.

Lole yake yatsala yokha panja,
chipale chikuifunditsa pang'onopang'ono.
Mawa masana adzabwera kudzaitenga
ndipo sadzandiyang'ana kumaso.
Mwina azikamwa kwina, kumene sawerenga.

Makiyi ndawapachika pamsomali, pansi pa layisensi ya bala.
Pakakhala kachikopa kakale pamenepo, kolembedwa L.
Ndatsuka tambula yake kawiri,
ndaiwala kuti ndinaitsuka kale.