Nambala ya M'mawa

Ofesi yanga ili ku Nchalo, kuseri kwa sitolo ya simenti.
Tebulo limodzi, ndi fani yopukusa mutu ngati ikukana zonse.
Antchito anga alipo anayi. Sindinawaonepo pamodzi.
Ndimawadziwa ndi kunjenjemera kwa foni dzuwa lisanapse:
Chiromo, mamita atatu ndi theka.
Mwanza, awiri.
Thangadzi, mchenga wokhawokha.
Ndimalemba, ndimatumiza ku Blantyre, ndimapukuta thukuta.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinkayankha liwu limodzi:
Ndalandira.
Ndalandira.
Ngati kuti ndodo yamanambala yozikidwa mumtsinje ija
ndiyo inkadzuka yokha mbandakucha,
kuponda matope, kudzimenya makofi pothamangitsa udzudzu.

Kenaka Zuze Alufandika wa ku Makhanga anangoti zii.
Lolemba. Lachiwiri.
Lachitatu inabwera nambala yofanana ndi ya Loweruka,
chonsecho ku Mulanje inali itagwa usiku wonse
ndipo Ruo sasunga chinsinsi cha mvula.
Ndinadziwa kuti waiwerengera pamphasa.

Abwana anati, mulembereni kalata yomuchenjeza.
Ine ndinaimba.
Inaitana kasanu. Ndinamva mphepo, ndinamva wefuwefu,
pakuti netiweki ya kwawo imakhala pamwamba pa chulu chimodzi.
"Mayi," anatero, "kodi nambalazi zimapita kuti?
Ndimaponya m'madzi tsiku ndi tsiku, osamva ngakhale chubwi.
Ng'ona yomwe, ukaigenda, imaphethira."

Fani inapukusa mutu kawiri ndisanapeze mawu.

Ndinamuuza za Januwale,
usiku uja anatumiza nambala ndi zala zonyowa, zilembo zosokonekera.
Ndinamuuza kuti nambala imeneyo inadzutsa ine,
ine ndinadzutsa wa wezulo,
wezulo inadzutsa midzi itatu,
ndipo madzi atafika anapeza nyumba zopanda anthu.
Mayi wina anachirira m'kalasi ya Sitandade 4, pouma.
Mwanayo pano akukwawa.

Chete. Mbuzi inalira pansi pa chulu.
"Palibe anandiuza," anatero.

Tsopano Lachisanu lililonse ndimaimba osafunsa za mtsinje.
Esinta Jofilisi amandiuza za sola yake yong'aluka
ndi za mayeso a Fomu 4 amene akulembanso kachitatu.
Bizeki amayamba ndi mtengo wa thonje, amathera pa tcheni cha njinga.
A Nyakamera salankhula zambiri,
koma ndaphunzira kudikira mpaka atatsokomola,
chifukwa nkhani yeniyeni imabwera pambuyo pa chifuwa.

Ndisaname, mawu okoma sagula mayunitsi.
Mwezi ukamatha ndimasanduka nkhupakupa pakhutu la akawuntanti
mpaka ndalama zawo zitalowa.
Mwezi watha ndinalephera. Zinachedwa masiku khumi.
Ndinawauza ndekha, mmodzimmodzi, asanandifunse.

Ndinawatumizira majombo pa kabaza.
A Zuze anakula, a Esinta anathina,
anasinthana okha kudzera kwa mwini bwato,
ndipo pagulu lathu la pafoni anandiseka sabata yathunthu m'Chisena
poganiza kuti sindikumva.
Ndinamva. Sindinawauze.

Okutobala uno ngakhale mthunzi ukuwotcha.
Malori a nzimbe akudutsa, fumbi likulowa pawindo,
mitsinje yaonda mpaka nthiti kuonekera,
ndipo ntchito yathu ikuoneka ngati yolondera nyumba yopanda katundu.
Nyengo ngati ino ndi pamene munthu amadzifunsa
ngati alipo amene angazindikire atagona mpaka masana.

Foni yanjenjemera.
Zuze: mita imodzi, watsika ndi chala.
Pansi pake waonjezera:
chimanga cha kudimba chamasula,
mvuu inalowa kwa aneba koma kwanga inalambalala,
nanga inu mwadzuka bwanji kumeneko?

Chala changa, mwa chizolowezi, chalemba kale Ndala—
Ndafufuta.
Ndakoka mpando, ndayamba kumuyankha.