Masentimita Asanu ndi Atatu

M'sitolo ya matiresi ku Tampere, Lachiwiri masana,
chipale chikusungunuka pa nsapato zanga,
mnyamata wa dzina pachifuwa, Eemeli,
wandifunsa funso losavuta:
"Mayi Orvokki, mumagona bwanji?
Chagada, chafufumimba, kapena cham'mbali?"

Ndatsegula pakamwa. Mawu kulibe.

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndinkagona pamalo pamene Kalervo wandisiyira,
m'mphepete mwa chidikha chomwe thupi lake linakumba,
dzanja limodzi litagwira thabwa la bedi
kuti ndisagubudukire kwa iye
akabwera usiku akununkha fakitale ya mapepala.
Kagonedwe kotere kalibe dzina m'kabuku ka mnyamatayu.

Wabweretsa kachidutswa kodulidwa ngati buledi
kuti ndione zam'kati.
Pansi, sipuling'i iliyonse m'kathumba kakekake,
ngati ife a m'nyumba zosanja,
ogundana makoma, osapatsana moni.
Pamwamba, chigawo choyera cha lateksi, chobowokabowoka.
Akuti ndi utomoni wa mtengo wa kudziko lotentha:
wina anacheka khungwa m'bandakucha
n'kudikira madontho m'kachikho.
Ndachitsina. Chabwerera msanga.
Sichisunga chakukhosi.

"Nkhani yagona pa kuchindikala kwa chapamwambachi," akutero.
"Chikachepa, phewa limagunda zolimba.
Chikachuluka, chiuno chimatitimira,
mumadzuka mutapindika ngati chikwakwa.
Zimatengeranso kulemera kwanu."
Wandiyeza ndi maso, mwaulemu.
Ndapepuka chaka chino. Jekete likundikulira.

Ndavula nsapato.
Sokosi yakumanzere yabooka pachala, sindinaibise.

Pa masentimita asanu
phewa langa, lija linasenza nsalu zonyowa
m'chipinda chochapira cha kuchipatala,
ladandaula pomwepo.
Kalervo akanakonda amenewa.
Ankati bedi lofewa ndi la alesi,
n'kugona ngati chitseko chogwetsedwa,
mkonono mpaka mawindo kunjenjemera.

Pa khumi ndamira ngati m'chipale cha mu Febuluwale.
Kutembenuka kwake
n'kofuna wina akukoke dzanja,
ndipo wondikoka kulibe.

Pa asanu ndi atatu
ndayambira m'mphepete, chizolowezi sichimva.
"Sunthirani pakati, mayi. Onsewa ndi anu."
Ndasuntha pang'ono. Ndasunthanso.
Phewa lalowa,
chiuno chalandiridwa ngati mlendo woyembekezeka,
ndipo pansi pake china cholimba chikunong'oneza:
basi, lekezera pomwepa, ndakugwira.
Mawondo apinda okha.
Dzanja ladzipezera malo pansi pa tsaya.

Kani ndimagona cham'mbali!
Chakumanzere, chodzipinda ngati mwana.
Imvi mbuu kumutu,
ndadziwira m'sitolo,
nyali zili ngwee, wailesi ikulosera zanyengo,
banja lina lachinyamata likukangana za mapilo.

Eemeli sanandifulumize.
Wapita kukakonza makatani omwe anali okonza kale.

Atabwerera, cholembera m'manja:
"A munthu mmodzi ndi otsikirapo mtengo."
Ndikudziwa. Ndawerengera kale ndalama za penshoni
kawiri, m'basi.
Ndati lembani a anthu awiri.
Sanafunse. Nanenso sindinamuuze
kuti ndikufuna kudziwa kutalika kwa miyendo yanga
ikatambasuka osapepesa munthu.

"Tibweretsa Lachisanu.
Akale aja tidzawatenge?"

Panja kwayamba kale kuda, nthawi isanakwane folo.
Ndamanga zingwe za nsapato pang'onopang'ono,
yoyamba,
yachiwiri.

Mudzawatenge.
Koma kiyi mukampeza kwa Sirkka, chitseko choyang'anana ndi changa.
Ine ndidzakhala nditapita kukagula mkaka
kusitolo ya kutali ija, kutsidya kwa mlatho.
Sindifuna kuona chidikha chija
chikutsika masitepe chachiimire,
chitanyamulidwa ndi anyamata awiri
osadziwa kuti anyamula ndani.