Kaundula wa Kalabu ya Thonje

Chaka chomwe Ruo anakankha Shire cham'mbuyo,
madzi analowa mu ofesi yathu ku Bangula
osagogoda.
Anapeza kaundula pa shelefu yachiwiri,
buku lachikuto chofiira lomwe ndinkalembamo
makilo a thonje a munthu aliyense,
ngongole ya mbewu, ya mankhwala a mbozi.
Titalitola patatha sabata linali phala.
Inki inathawa ndi mayina,
ndipo Zuze, wangongole ya mabotolo atatu,
anayamba kuyenda chotukula mapewa.

Esinala, mwana wa mlongo wanga, atabwera kutchuthi
anati, Malume, muzisunga ku mtambo.
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Mtambo uti? Womwe uja unatigoneka
padenga la tchalitchi masiku awiri?

Ndi dzina chabe, anatero.
Ndi makompyuta a eni ake, miyandamiyanda,
m'nyumba zozizira kutsidya kwa nyanja,
ong'ung'udza usiku ndi usana.
Simugula. Mumabwereka,
n'kulipira zomwe mwagwiritsa, ngati mayunitsi a magetsi.
Chomwe mwalemba chimagona m'malo awiri, atatu,
kuti nyumba imodzi ikamira, inayo ikumbukire.

Tinakhala pansi pa msawu, dzuwa likuwotcha ngati ng'anjo,
iye n'kutola kamtengo, n'kulemba pafumbi.

Kubwereka kwake kuli patatu.
Poyamba akupatsani dimba losalima,
dothi ndi malire basi.
Khasu lanu, mbewu yanu, mpanda wanu,
mvuu ikalowa usiku musalire ndi mwini malo.
Ameneyo ndi makina opanda kanthu mkati,
ofuna munthu wodziwa kuwaveka yekha.

Kachiwiri kuli ngati sikimu ya mthirira:
ngalande anakumba kale, pampu ikulira,
wokonza akawonongeka alipo.
Inu mubwere ndi mbewu yokha.
Umo ndimo amadzalamo mapulogalamu awo
anyamata ngati anzanga akusukulu.
Koma mizere ndi ya sikimu, anawonjeza,
simungakhotetse ngalande chifukwa mwalota.

Anafufuta ndi phazi, n'kuloza kumsika
komwe chigayo cha a Fombe chinali kubangula.
Chachitatu ndi icho.
Simudziwa lamba wake, simugula dizilo.
Mumafika ndi chimanga chanu m'thumba,
mutsanulira, mulandira ufa.
Inu, Malume, chanu ndi chimenechi:
pulogalamu yopsa kale, mungotsegula pafoni
n'kulemba mayina.

Ndinafunsa funso la munthu amene wakhalapo pamzere wa chigayo:
nanga ufa wotsalira m'makina amadya ndani?
Sanaseke.
Anati, funso limenelo musalitaye.
Muziwerenga pangano musanadinde chala,
ndipo mawu achinsinsi otsegulira
asakhale dzina la ng'ombe yanu,
poti mudzi wonse umaidziwa.

Lero ndi mwezi wachinayi.
Madzulo ndimakwera pachulu cha kuseri kwa dibi
pomwe netiweki imayenderako ikafuna,
foni m'mwamba ngati ndikupereka nsembe,
udzudzu ukunditafuna akakolo.
Tsiku lina bandulo imatha ndili pakati pa dzina la munthu.
Tsiku lina zonse zimakwera bwinobwino,
Malita Thole, makilo makumi asanu ndi awiri,
n'kukagona kudziko lomwe sindidzapondako.

Zuze anabwera dzana kudzatenga mankhwala ena.
Ndinamuonetsa dzina lake likuwala pagalasi.
Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali,
n'kufunsa ngati kumeneko kumagwa mvula.

Uko kumapiri a Thyolo kwayambanso kuda.
Ndimayang'ana mtambo umenewo, ndiyang'ane foni.
Wina ndimaudziwa kuyambira ndili mwana,
winawu ndangomva za iwo.
Choncho ndagulanso buku, lachikuto chobiriwira,
ndalikulunga m'majumbo awiri,
ndalimangirira kumtanda wa denga.
Esinala sindinamuuze.