Makadi Makumi Anayi

Anafika Lachinayi, fumbi la Khombedza lili m'nsidze,
galimoto la ku boma nkuliimika pansi pa msangu.
Dokotala Msosa moni sachulutsa.
Anati: ndipatseni makadi makumi anayi,
musasankhe, ingotapani ngati mtedza m'thumba.

Zifukwa ndinali nditazikonza kale:
mzere umayambira pa mjigo tambala asanatope,
mnzanga ali ku maphunziro ku Mponela,
manja anga ndi awiri okha.
Sanatsutse. Anangoyala makadi pa tebulo
ngati thonje loyembekeza sikelo pa msika wa Chinguluwe.

Uyu, anatero, thupi likutsika:
56, kenako 53, kenako 49.
Lalemba ndi dzanja lanu lomwe.
Munamufunsa za chifuwa?
Uyu magazi anatengedwa mu Febuluwale,
zotsatira zinabwera, zikugona mu envulopu,
mwini wake akungomwa mankhwala mumdima.
Agogo awa ma ARV salephera,
koma mutu umene amadandaula mwezi ndi mwezi,
kuthamanga kwa magazi anawayeza ndani?

Ndinamva kutentha m'makutu.

Anatseka cholembera. Tamverani izinso:
mwa makumi anayi, makumi atatu ndi awiri sanadumphe tsiku.
Si mphepo yawasunga. Ndinu.
Kachilombo mwakagoneka tulo,
tsopano dzutsani maso muone mwini nyumba.

Usiku umenewo ndinamutsutsa ndili ndekha pa mphasa,
ndipo mlandu ndinapambana kawiri konse.
Kutacha, envulopu ija inali pomwepo.

Lolemba kunalowa Abiti Mponda,
ogulitsa tomato pa Kamuzu Road, aja a 49.
Ndinaika cholembera pansi. Chinalira pa tebulo.
Ndinati: mayi, usiku mumagona bwanji?
Anayang'ana kumbuyo, kuyesa ndikufunsa wina.
Kenako zinakhuthuka: thukuta lonyowetsa chitenje,
chifuwa cha milungu isanu,
mwana amene sanamuuzebe.
Bwanji osanena kale?
Anati: adokotala, ndimakumverani chisoni,
mukamalemba diso limakhala lili pa khomo.

Mawu awa sali pa fomu iliyonse ya a Msosa.
Ndiwo anandilasa mpaka pa fupa.

Mzere sunafupike, ndisakunamizeni.
Mnzanga wabwera, wapitanso.
Makina oyezera magazi mabatire ndimagula ndekha.
Koma envulopu ndimatsegula tsiku lomwe yafika,
ndipo mpando ndautembenuza,
khomo lili kumsana kwanga.

Lachinayi lina, thonje litatha m'minda,
galimoto lija laimanso pansi pa msangu.
Makadi makumi anayi. Ndatapa osayang'ana.
Apeza atatu amene ndawaphonya,
ndawalemba maina m'chikhatho.
Panja Abiti Mponda atsika pa sikelo
akukangana ndi namwino:
akuti 52, iwo akuti ayi, onaninso bwino,
nsapato ndavula.