Timizere Titatu

Wotchi imandidzutsa folo koloko isanakwane
m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu ku Minneapolis:
mabedi osanjikiza, matawulo osauma,
nsapato zakuda zofanana zili ndandanda pakhomo.
Ndimavala mumdima kuti Yesenia asadzuke.
Wafika pakati pa usiku kuchokera ku Minot,
wagona tayi ali m'khosi.

Paphewa panga timizere titatu tagolide.
M'thumba madola khumi ndi limodzi
ndi khadi lomwe makina a banki amalikana mwaulemu.

Kampani imayamba kuwerenga maola anga
chitseko cha ndege chikatsekedwa.
Zina zonsezi ndi zaulere:
kuzungulira ndege ndi tochi, mphepo ikucheka makutu,
kusisita tayala, kusuzumira m'kamwa mwa injini,
kudikira anyamata opopera mapiko kuti madzi oundana asungunuke,
maola atatu pa mpando wapulasitiki
chifunga chitakana kuchoka ku Fargo.

Ngongole ya sukulu ilibe chitseko chotere.
Imawerenga ndikagona, imawerenga Lamlungu,
imaswana ngati nsikidzi m'matiresi.

Dzana mayi wina pokwera anakoka mwana wake dzanja:
"Taona, akuyendetsa ndi mtsikana.
Ulimbikire sukulu, udzalemere ngati ameneyu."
Ndinamwetulira mano onse panja.
M'chikwama changa munali buledi wadzulo
ndi chiponde chopala pansi pa botolo.

Mchimwene wanga Leland amaimba foni ali m'lole,
tirigu kumbuyo, ulendo wa ku Duluth.
"Tove, zisiye zimenezo. Abwana akufuna dalaivala wina.
Ine ndimalandira kawiri kuposa iwe,
ndipo ndikatopa ndimangoima pambali pa msewu."
Timaseka.
Kenako zii, ndimangomva injini yake ikung'ung'udza.
Ananditumizira fomu. Ndinaipinda kanayi,
ili kumbuyo kwa chiphaso changa choulutsira ndege.

Yesenia akuti mwezi wamawa akupita kwa onyamula katundu,
kuuluka usiku okhaokha, dzuwa kumaliona pogona.
"Mabokosi sadandaula," akutero.
Anselm anabwerera kukaphunzitsa ana a anthu olemera
kutera osathyola mawilo.
Wina uja wa ndevu, dzina ndaiwala,
akugulitsa mathirakitala kwa apongozi ake, wanenepa.

Kaputeni Ostby ali kumanzere kwanga, imvi mbuu,
zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'tindege tomweti.
Ndinawafunsa tsiku lina tili pamwamba pa minda yoyera ndi chisanu:
bwanji simunapite ku ndege zikuluzikulu zowoloka nyanja?
Anatsegula botolo la khofi, namwa kaye.
"Ukasamuka umayambira pansi pa mndandanda.
Ine ndinali ndi ana atatu, wina wa mphumu.
Ndinati chaka chamawa."
Sanapitirize. Anandipatsa theka la nthochi.

Pa mndandanda wathu ine ndili kumchira.
Wina akapuma ntchito ndimasuntha kamodzi,
ngati pa mzere wa kuchipatala.

Lero ndi ine woyendetsa.
Anthu makumi asanu kumbuyoku, ena ayamba kale kuwodzera,
sakudziwa kuti lendi yanga yatsala masiku anayi,
ndipo safunika kudziwa.
Ndikankha, injini zibangula, msewu uthamangira pansi pathu,
ndikoka pang'ono ndi zala zinayi,
dziko litisiya.
Mitambo yotuwa, yotuwa, yotuwabe,
kenako ng'aa! dzuwa lonse pagalasi,
Ostby akufufuza magalasi akuda m'thumba la malaya.
Apa sindikumbuka banki.
Ndikanama ndikati ndimakumbuka.

Mphindi makumi asanu ndi zitatu.
Ku Bismarck mawilo akhudza pansi mofewa,
moti kumbuyo palibe wadzidzimuka.
"Eya," atero Ostby, mawu awo onse a tsikuli.

Chitseko chitseguka, mphepo ilowa.
Maola anga aima pomwepo.
Ndigwira m'thumba kufuna tochi,
chala chikhudza fomu ya Leland,
yofewa tsopano m'mopinda.
Nditulutsa tochi.